Ndalama, Antchito ndi Nyumba za Bungwe la Ukazitape: Mawu Oyenera Polemba

Liwu lakuti "kazitape" likamveka, anthu ambiri amaganiza za munthu woyenda mozemba usiku kapena womvetsera pakhomo pa eni ake. Ndi ochepa amene amaganiza za kalaliki wokonza malipiro a pamwezi, mmisiri wokonza mipope ya madzi, kapena mlembi wosunga makiyi a chipinda cha mafayilo. Komatu bungwe la boma la ukazitape ndi ofesi monga maofesi ena onse. Limalandira ndalama za misonkho, limalemba ndi kuchotsa antchito, limalipira magetsi, ndipo nyumba ikachepa limasamuka. Nkhani zambiri zokhudza mabungwe otere zimene zimafika kwa mtolankhani kapena womasulira zimakhala za kayendetsedwe ka zinthu zimenezi.

Vuto la mawu lagona pamenepa. Wolemba akasowa liwu loyenera amathawira ku liwu limodzi lokha lakuti "chinsinsi", n'kumalemba kuti ndalama zachinsinsi, antchito achinsinsi, nyumba yachinsinsi. Wowerenga amatsala ndi ganizo lakuti m'bungwemo mulibe chimene chimawerengedwa ndiponso palibe amene amafunsidwa. Ganizo limeneli ndi loopsa, pakuti anthu okhulupirira kuti ndalama zina za boma sizifunsidwa amaleka kufunsa. Chinthu chobisidwa kwa anthu ambiri chimasiyana ndi chinthu chosalondolozedwa, ndipo Chichewa chili ndi mawu okwanira kuonetsa kusiyana kumeneku.

Chitsanzo chothandiza ndi cha dziko la Britain, chifukwa mbiri ya mabungwe ake idasindikizidwa mokwanira, ndiponso chifukwa mawu ambiri a zachuma amene amamveka m'Nyumba za Malamulo za ku Malawi ndi ku Zambia adachokera ku Westminster.

Mabungwe atatu

M'chaka cha 1909 boma la Britain lidatsekula ofesi yaing'ono yotchedwa Secret Service Bureau m'zipinda za lendi pamsewu wa Victoria Street mumzinda wa London. Atsogoleri ake adali awiri: Vernon Kell wa m'gulu la asilikali a pamtunda ndi Mansfield Cumming wa m'gulu la asilikali a pamadzi. Posakhalitsa ntchito idagawika. Mbali ya Kell, yoteteza dziko kwa akazitape a adani, ndiyo idasanduka bungwe la MI5. Mbali ya Cumming, yotapa nkhani kunja, idasanduka bungwe la MI6. Bungwe lachitatu, la GCHQ, limatchera khutu ku mauthenga oyenda pa wailesi, pa lamya ndi pa intaneti. Lidachokera ku ofesi yomasulira mauthenga obisika imene idakhazikitsidwa mu 1919 ndi kutchuka pa Bletchley Park m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Bungwe la MI5 limayankha kwa nduna ya za m'dziko, pamene enawo amayankha kwa nduna ya zakunja.

Kwa zaka zambiri mabungwewa ankagwira ntchito popanda lamulo lowakhazikitsa. Lamulo la MI5 lidabwera mu 1989, ndipo la MI6 ndi GCHQ lidabwera mu 1994. Lamulo la 1994 lidakhazikitsanso komiti ya aphungu asanu ndi anayi, yotchedwa Intelligence and Security Committee, n'kuipatsa zinthu zitatu zoti iziunika: kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, kayendetsedwe ka mabungwewo, ndi mfundo zowatsogolera. Mphamvu younika ntchito yeniyeni ya ukazitape idaonjezedwa mochedwa, mu 2013. Motero lamulo lenilenilo lidasiyanitsa ntchito ya muofesi ndi ntchito yotapa nkhani. Wolemba Chichewa ayeneranso kuzisiyanitsa.

Kazitape ndi wantchito

Liwu lakuti kazitape likaphwanyidwa limamveka ngati lamulo lotuma munthu: ka-zi-tape, ndiye kuti pita ukatape nkhanizo. Liwu lina lakale ndi mzondi, lochokera ku mneni kuzonda. Mawu awiriwa amanena za munthu wopita kukaona kapena kukamva zinthu mobisa. Sanena za woyeretsa m'chipinda, womasulira zilankhulo kapena katswiri wa makompyuta.

Mabungwe a ku Britain amasiyanitsa anthu a mitundu iwiri. Woyamba, amene pa Chingerezi amati "officer", ndi wolembedwa ntchito ndi boma: ali ndi malipiro, tchuthi ndi penshoni. Wachiwiri, amene amati "agent", ndi munthu wakunja kwa bungwe amene wavomera kumapereka nkhani mobisa, ndipo kawirikawiri salowa n'komwe kulikulu. Omasulira ambiri amatcha onsewa akazitape. Zotsatira zake n'zakuti chiganizo chonena za chiwerengero cha antchito chimamveka ngati boma lamwaza anthu zikwizikwi m'misika ndi m'mabasi. Njira yabwino ndi kunena kuti "wantchito wa bungwe" kwa woyambayo, ndi kusunga liwu lakuti "kazitape" kapena "wopereka nkhani mobisa" kwa wachiwiriyo. Dzina la bungwe lonse likhoza kukhalabe "bungwe la ukazitape", popeza ndilo lazolowereka.

Ndalama: bajeti ndi gawo

Liwu lobwereka lakuti bajeti lidakhazikika kale, ndipo limayenda limodzi ndi mawu akuti ndondomeko ya chuma. Lovuta ndi liwu lakuti "vote". M'nkhani za chuma cha boma liwuli silinena za kuponya voti pa chisankho. Limanena za ndalama zimene Nyumba ya Malamulo yavomereza kuti unduna kapena bungwe lakutilakuti ligwiritse ntchito m'chaka chimodzi. Kulemba kuti "voti yachinsinsi" n'kusokeretsa wowerenga, chifukwa iye adzaganiza za kachipinda koponyeramo voti. Mawu oyenera ndi "gawo la ndalama", ndipo pofuna kumveketsa, "gawo la ndalama lovomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo".

Gawo lotere ndi lakale kwambiri ku Britain kuposa mabungwe atatuwo. Lamulo la mu 1782 lidalamula kuti nduna yogwiritsa ntchito ndalama za ntchito zobisika izilumbira kuti ndalamazo zidapita kumene zidayenera kupita. Lumbirolo ndilo linkalowa m'malo mwa malisiti. Njira yofanana nayo idalembedwa m'lamulo la ku United States la mu 1949, limene limalola kuti pa ndalama zina chikalata chosainidwa ndi mkulu wa bungwe la CIA chikhale umboni wokwanira. Chifukwa chake n'chomveka: kazitape amene moyo wake uli pachiswe sangalembe dzina lake lenileni palisiti.

Koma ndalama zolipira akazitape ndi kachigawo chabe. Mbali yaikulu imapita ku malipiro a antchito, makompyuta, magetsi ndi nyumba, zinthu zimene zili ndi malisiti monga m'unduna uliwonse. Chisanafike chaka cha 1994, chiwerengero chimene aphungu ankaona sichinkasonyeza zonse, pakuti ndalama zambiri, makamaka za GCHQ, zinkabisidwa m'magawo a maunduna ena monga wa zachitetezo. Kuyambira mu 1994 ndalama za mabungwe atatuwo zidaikidwa m'gawo limodzi, limene pambuyo pake lidatchedwa Single Intelligence Account. Chiwerengero chonse chimalengezedwa chaka ndi chaka, ndipo m'chaka cha chuma cha 2021/22 chidapitirira mapaundi 3 biliyoni. Chimene sichilengezedwa ndi kagawidwe kake pakati pa mabungwe atatuwo, pakuti mdani woona gawo lina likukwera ndi lina likutsika akhoza kuzindikira kumene boma latembenukira.

Apa n'poonekeratu kuti mawu akuti "ndalama zachinsinsi" sakwanira. Chiwerengero chonse n'chodziwika kwa aliyense. Kagawidwe kake n'kodziwika kwa aphungu a m'komiti ndi olondoloza chuma. Mayina a akazitape olandira ndalama n'ngodziwika kwa antchito ochepa okha. Zitseko ndi zitatu, ndipo wolemba ayenera kunena chitseko chimene akukamba.

Chaka cha chuma ku Britain chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi. Ndalama zimagawidwa pawiri: zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, ndi zogulira katundu wokhalitsa. M'nkhani za bajeti ya dziko gulu lachiwirili limakonda kutchedwa "ndalama za chitukuko", chifukwa limamangira misewu, masukulu ndi zipatala. M'bungwe la ukazitape mawu amenewa sagwirizana, popeza katundu wake ndi makompyuta, zipangizo zomvetsera ndi nyumba. Mawu akuti "ndalama za katundu wokhalitsa" ndiwo akunena zenizeni.

Kuwerengera, kulondoloza ndi kufufuza

Aneni atatuwa amasokonezedwa kawirikawiri. Kuwerengera ndi ntchito ya akalaliki a m'bungwe momwemo, amene amalemba zolowa ndi zotuluka tsiku ndi tsiku. Kulondoloza ndi ntchito ya munthu wakunja, amene amatsata ndalama kuchokera pamene zidavomerezedwa kufikira pamene zidathera, chaka chilichonse, kaya pali chokayikitsa kaya palibe. Kufufuza kumayamba pamene pali chikayikiro chakuti wina walakwa. Mkonzi wolemba mutu wakuti "Akufufuza ndalama za bungwe" pamene olondoloza angobwera pa ntchito yawo ya chaka ndi chaka waneneza anthu mlandu umene palibe waupereka.

Ku Britain mkulu wa bungwe lililonse ndiye amayankha pa ndalama za bungwe lake, ndipo ofesi ya National Audit Office imalondoloza gawo lonselo kudzera mwa antchito ake amene adaloledwa kuona zobisika. Komiti ya aphungu ija imasindikiza malipoti, ndipo pamalo pamene mawu kapena manambala achotsedwa amaikapo nyenyezi zitatu. Womasulira lipoti lotere asiye nyenyezizo m'mene zilili ndi kufotokozera owerenga tanthauzo lake. Kuzifufuta n'kubisa kuti pachotsedwa kanthu, ndipo kuikapo nambala yongoganizira n'kunama.

Kufunika kwa kulondoloza kudaoneka kale nkhondo yachiwiri isanayambe. Pa nthawiyo antchito a MI6 kumayiko akunja ankagwira ntchito m'maofesi opereka ziphaso zolowera ku Britain, ndipo ndalama za ziphasozo zinkadutsa m'manja mwawo. Mu 1936 mkulu wa ofesi ya ku The Hague, m'dziko la Netherlands, adadzipha atadya ndalama zimene ofuna ziphaso adasungitsa. Kalaliki wina amene adadziwa za nkhaniyi ankamuopseza kuti amuulula. Ndalama zosalondolozedwa zimapatsa ena chingwe chokokera wantchito, ndipo m'bungwe la ukazitape chingwe chotere chikhoza kugwidwa ndi mdani.

Antchito: kulemba, kusefa ndi kusamala

Malinga ndi malipoti a komiti ya aphungu, mu 2021 bungwe la GCHQ lidali ndi antchito oposa 7,000, la MI5 oposa 5,000, ndipo la MI6 oposa 3,000. Mu Novembala 2015, zigawenga zitapha anthu mumzinda wa Paris, nduna yaikulu David Cameron idalengeza kuti mabungwewa aonjezera antchito 1,900. Kulengeza n'kosavuta, koma aliyense mwa anthu amenewa adayenera kupezedwa, kusefedwa, kuphunzitsidwa ndi kupatsidwa desiki, ndipo zonsezi zimatenga miyezi yambiri.

Kale antchito ankapezedwa mokodolana: mphunzitsi wa ku yunivesite kapena mnzake wa ku usilikali ankanong'oneza munthu kuti kuli ntchito ina yake. Njira imeneyi inkabweretsa anthu a mabanja ndi masukulu ofanana, ndipo ankakhulupiriridwa chifukwa cha kumene adachokera. Klaus Fuchs atamangidwa mu 1950 chifukwa chopereka zinsinsi za bomba la atomu ku Soviet Union, ndipo Guy Burgess ndi Donald Maclean atathawira komweko mu 1951, boma lidayambitsa mu 1952 njira yofufuza mbiri ya munthu asanapatsidwe ntchito yokhudza zobisika. Ofufuza amafunsa za banja, ngongole, maulendo, anzake ndi kamwedwe ka munthuyo, ndipo amabwereza pakapita zaka. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la MI5 lidayamba kulengeza mipata ya ntchito poyera m'nyuzipepala.

Liwu loyenera pa njira imeneyi ndi kusefa, lotengedwa ku sefa wa ufa. Limaposa liwu lakuti kuyesa, limene limakumbutsa mayeso a kusukulu, ndiponso limaposa kufufuza, limene limanunkha mlandu. Wosefedwa bwino amapatsidwa chilolezo choonera zobisika. Chilolezocho sichitsekula zitseko zonse, chifukwa pali mfundo yakuti wantchito adziwe zokhazo zimene ntchito yake ikufuna. Akuluakulu awiri a udindo wofanana akhoza kudyera pamodzi masana, wina osadziwa zimene mnzake akuchita.

Kusefa pakokha sikukwanira. Geoffrey Prime, amene adagwirapo ntchito ku GCHQ, adapyola m'sefa kangapo pamene ankapereka nkhani ku Soviet Union, ndipo adagwidwa mu 1982 chifukwa cha milandu ina yochitira nkhanza ana. Michael Bettaney wa ku MI5 ankadziwika ndi anzake kuti amamwa mopitiriza, ndipo adapezekapo wolakwa pa milandu ing'onoing'ono, koma adasiyidwa pa ntchito yosamalira zinsinsi zazikulu mpaka adayesa kudzipereka kwa adani. Mu 1984 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 23. Ounika nkhaniyi adapeza cholakwa pa kasamalidwe ka antchito, ndipo mu 1985 Antony Duff adaikidwa kukhala mkulu wa bungwelo kuti akonze zinthu. Mu 1987 boma lidakhazikitsa udindo wa munthu wakunja amene wantchito wovutika mumtima ndi ntchito yake angamuuze nkhawa zake popanda kuphwanya lamulo. Udindo umenewu umavuta kuutchula. "Nkhoswe" ndi liwu la ukwati, ndipo "mlangizi" limakumbutsa chinamwali kapena mpingo. Mawu akuti "womva madandaulo a antchito" ndi aatali, koma sasokeretsa.

Antchito a mabungwewa amakhalanso ndi nkhani za malipiro monga antchito ena a boma. Antchito ena a GCHQ atachita nawo sitalaka ya antchito a boma mu 1981, boma la Margaret Thatcher lidaletsa mabungwe a antchito kumeneko mu Januwale 1984, n'kupereka mapaundi 1,000 kwa aliyense wovomera kusiya ufulu umenewu. Anthu 14 amene adakana mpaka mapeto adachotsedwa ntchito, ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu 1997. Nkhani imeneyi idakambidwa m'makhoti ndi m'nyuzipepala kwa zaka 13, ndipo mudalibe chinsinsi chilichonse m'menemo.

Mayina a antchito wamba salengezedwa. Ngakhale dzina la mkulu wa MI5 lidayamba kulengezedwa ndi boma pamene Stella Rimington ankatenga udindowu mu 1992. Wantchito wopita kunja amapatsidwa chophimba, ndiko kuti dzina la ntchito ina imene anthu aziganiza kuti ndiyo akugwira. Chophimba chimabala ntchito yambiri ya muofesi, popeza malipiro, msonkho, lendi ya nyumba ndi sukulu ya ana ziyenera kuyenda mogwirizana nacho.

Nyumba ndi katundu

Mbiri ya nyumba za mabungwewa imaonetsa bwino kuti iwo amavutika ndi zomwe amavutika nazo maofesi ena. Nkhondo itayamba mu 1939, bungwe la MI5 lidasowa malo okwanira antchito ake ochuluka, ndipo lidasamukira kundende ya Wormwood Scrubs, kumene zipinda za akaidi zidasanduka maofesi. Mu Sepitembala 1940 mabomba adagwa pamenepo ndipo moto udaononga mbali ina ya makadi a kaundula wake. Mwezi wotsatira gawo lalikulu la bungwelo lidasamukira ku Blenheim Palace.

Bungwe la MI6 lidakhala zaka zambiri pa 54 Broadway, pamene pakhomo padali chikwangwani cha kampani ya zozimitsira moto. Mu 1964 lidasamukira ku Century House, nyumba yaitali ya magalasi ku Lambeth, imene pansi pake padali malo ogulitsira petulo. Oyendetsa matakisi a mu London ankaidziwa bwino nyumbayo ngakhale boma silinkavomera kuti bungwelo lilipo. Mu 1994 bungwe la MI6 lidalowa m'nyumba yatsopano ku Vauxhall Cross, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, yojambulidwa ndi Terry Farrell, ndipo chaka chomwecho nyumba ya Thames House idatsekulidwa kukhala likulu la MI5. Malo ndi chimango cha nyumba ya ku Vauxhall zidadya pafupifupi mapaundi 135 miliyoni. Malipoti a olondoloza chuma okhudza nyumba ziwirizi adasungidwa kwa zaka zingapo, koma adasindikizidwa mu 2000. Akale adati mlandu suola.

Phunziro lalikulu lidachokera ku GCHQ. Bungweli lili mumzinda wa Cheltenham kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo lidamwazikana m'nyumba zoposa 50 pa malo awiri, Oakley ndi Benhall. Mu 2000 boma lidasainirana mgwirizano wa zaka 30 ndi makampani oti amange ndi kusamalira nyumba imodzi yozungulira, imene antchito adayamba kulowamo mu 2003. Kumanga kudayenda, koma kusamutsa makompyuta ndiko kudavuta. Poyamba, mu 1997, adaganiza kuti ntchitoyi idzadya mapaundi 41 miliyoni. Pofika mu 1999 chiwerengerocho chidakwera kufika pa 450 miliyoni, ndipo pomaliza Nthambi ya Zachuma idavomereza 308 miliyoni. Chifukwa chake chidali chakuti makompyutawo adalumikizana kwambiri m'kupita kwa zaka, ndipo sakadazimitsidwa ngakhale tsiku limodzi pa nthawi yosamukayo. Manambala onsewa adatuluka m'lipoti la National Audit Office la mu 2003. Amene adalakwitsa adali okonza ndondomeko ya ndalama, ndipo amene adaulula cholakwacho adali olondoloza chuma.

Pa nyumba pali mawu anayi ofunika kuwasamala. Likulu ndi nyumba yaikulu, ndipo kawirikawiri imadziwika kwa onse. Ofesi ya bungwe kudziko lina ndi bwino kuitcha "ofesi yakunja", osati siteshoni, liwu limene limakumbutsa sitima kapena polisi. Nyumba imene pa Chingerezi amati "safe house" si nyumba yolimba kapena yolonderedwa ndi asilikali. Ndi nyumba wamba yosakopa maso, yokumaniramo wantchito ndi kazitape, motero mawu oyenera ndi "nyumba yokumaniramo mobisa". Pomaliza, kaundula ndi mndandanda wa mayina ndi mafayilo, pamene chipinda chosungiramo mafayilowo chikhoza kutchedwa nkhokwe ya mafayilo.

Zikalata nazo zili ndi miyeso. Kuyambira mu Epulo 2014 boma la Britain limagwiritsa ntchito miyeso itatu, imene m'Chichewa ingatchedwe "za boma", "zachinsinsi" ndi "zachinsinsi chachikulu". Muyeso uliwonse umalamula mtundu wa kabati yosungiramo chikalatacho, kompyuta yochilembera, munthu wochinyamula ndi njira yochionongera. Pamenepa ndi pamalo pake penipeni pa liwu lakuti chinsinsi, chifukwa likunena za muyeso wolembedwa pachikalata.

Mawu ofunika kuwagwiritsa ntchito

1. Gawo la ndalama: ndalama zimene Nyumba ya Malamulo yavomereza kuti bungwe ligwiritse ntchito m'chaka chimodzi.
2. Woyankha pa ndalama: mkulu amene amafunsidwa ndi dzina lake ndalama za bungwe zikasokonekera.
3. Kulondoloza: kutsata ndalama za bungwe chaka ndi chaka, kochitidwa ndi munthu wakunja kwa bungwelo.
4. Kusefa: kuunika mbiri ndi khalidwe la munthu asanaloledwe kuona zobisika.
5. Chilolezo choonera zobisika: ufulu umene wosefedwa amapatsidwa, wokhala ndi malire.
6. Chophimba: ntchito kapena dzina loonetsa kwa anthu pofuna kubisa ntchito yeniyeni.
7. Wantchito wa bungwe: wolembedwa ndi boma ndi kulandira malipiro a pamwezi.
8. Kazitape: munthu wotapa kapena wopereka nkhani mobisa.

Za kalembedwe

Mawu obwereka amalembedwa monga amatchulidwira m'Chichewa ndipo amalowa m'magulu a mayina: bajeti ya boma, mabajeti a maunduna, fayilo ya wantchito, mafayilo a antchito, lisiti la katundu, malisiti a katundu, komiti ya aphungu, makomiti a aphungu. Kazitape ali m'gulu la anthu, motero ambiri ndi akazitape, ndipo ntchito yawo ndi ukazitape.

Lamulo la malembo l ndi r likumbukiridwe: r amatsatira i kapena e, monga mu malipiro ndi kuwerengera, pamene l amalembedwa kumayambiriro kwa liwu ndi pambuyo pa a, o ndi u, monga mu lisiti, kulondoloza ndi kaundula. Tsinde loyamba ndi l silisintha chifukwa cha mphatikiri ya kumayambiriro, n'chifukwa chake kulemba koyenera ndi chilolezo. Chizindikiro chosonyeza kuti lembo lachotsedwa chiikidwe m'mawu monga m'bungwe, m'lipoti ndi n'chinsinsi.

Mayina a mabungwe akunja ndi zidule zawo, monga MI5 ndi GCHQ, asiyidwe m'mene alili, koma patsogolo pake paikidwe liwu lakuti bungwe kuti mgwirizano wa mawu uyende: bungwe la MI5 lidasamuka. Ndalama zakunja zilembedwe ndi dzina lake poyamba, kenako nambala: mapaundi 308 miliyoni. Kusintha ndalama za zaka zakale kukhala makwacha a lero kumasokoneza owerenga, pokhapokha wolemba atanena chaka ndi mtengo umene wasinthira.

Mawu otsiriza

Mkonzi akakumana ndi liwu lakuti chinsinsi m'nkhani ya bungwe la ukazitape, afunse mafunso awiri: chabisidwa kwa yani, ndipo ndani amene amachionabe? Mayankho ake ndiwo amasankha liwu loyenera. Mtolankhani akalemba kuti "Akazitape alandira ndalama zachinsinsi zokwana mapaundi 3 biliyoni", mkonzi angakonze motere: "Nyumba ya Malamulo yavomereza gawo la mapaundi 3 biliyoni la mabungwe atatu a ukazitape, kagawidwe kake sikadalengezedwe, koma kadzaunikidwa ndi komiti ya aphungu ndi olondoloza chuma." Chiganizo chachiwirichi n'chachitali, komabe wowerenga watulukamo akudziwa amene adapereka ndalamazo, chimene chabisidwa, ndi khomo limene angagogode akafuna kufunsa. Aphunzitsi angagwiritse ntchito ziganizo ziwirizi m'kalasi, ophunzira napeza okha mawu amene asintha ndi chifukwa chake.